Kaloboti Kanga ndi Chikopa cha Adada

Kabuku kanga ka chaka chimene ndinali mu giledi naini kali ndi chikuto chobiliwila, ndipo pakati pake pali tsamba lotupa chifukwa ndinamatapo ubweya wa ng'ombe. Ndikakatsegula masiku ano kamanunkhabe guluu. Pansi pa ubweyawo pali mawu awili okha: "Ndadula. Sanaone." Sindinalembe chimene ndinadula, poopa kuti wina angawelenge.

Chaka chimenecho kusukulu kwathu kunabwela aphunzitsi atsopano a sayansi, mayi wamfupi woyenda mofulumila ngati wasiya mphika pamoto. Tonse tinkangowatcha Madamu. Anayambitsa kilabu yokumana Lachitatu masana, ndipo tsiku loyamba anakhuthulila patebulo thumba la zinthu zakufa zimene anapempha kwa wokonza mawailesi ku Msika wa Lundazi: timota, mawaya, maswichi, ndi zina zosadziwika mutu wake. Anati tipanga timaloboti tomenyana. Ena anayamba kale kukambilana za kumene akapeze zitsekelelo za mabotolo zopangila mawilo.

"Mawilo ayi," anatelo Madamu. "Mawilo amawadziwa ngakhale mwana wa galimoto ya mawaya. Ine ndikufuna kanthu koyenda kopanda wilo ngakhale limodzi."

Bwalo lomenyelanapo linali chitseko chakale chosapala, chogonekedwa pa madesiki awili. Madamu anajambulapo mzele wozungulila ndi choko. Timaloboti tiwili tinkalowa m'kati, ndipo kamene kakankhidwila kunja kwa mzele kagonja.

Kapangidwe kake kanali kamodzi kwa tonse. Thupi linali chitini cha nsomba. Pamwamba pake tinkamatapo timota tiwili, kena kumanzele kena kumanja, ndipo pa kachitsulo kozungulila ka mota tinkamatapo kanati ka bawuti chakumbali, kuti mota ikamazungulila izinjenjemela ngati foni. Mawaya aatali ankachoka pa chitini kufika pa kathabwa ka m'manja, kokhala ndi mabatili ndi maswichi awili. Ukadina lakumanzele kaloboti kakhotela kumanja, ukadina lakumanja kakhotela kumanzele, ukadina onse awili kapita kutsogolo. Umo ndi mmene zinayenela kukhalila. Koma kunjenjemela pakokha si kuyenda. Nkhani yonse inali pa mapazi, pa chimene wamata kunsi kwa chitini.

Ambili anadula mitu ya miswachi, n'kuiviika m'madzi otentha kuti tsitsi lake lipendekele kumbuyo. Ine ndinayamba ndi misomali inayi. Kanga kanadumphadumpha ngati nthata, kenaka kanagwa chagada. Ndinayesa luzi, ndinayesa udzu wa tsache. Pomaliza ndinapeza miswachi iwili yotha kunyumba, wina wofewa wina wouma, ndipo kanayamba kusuntha, koma pang'onopang'ono, monga mwanapiye wonyowa. Ukakakankha ndi chala chimodzi kankabwelela m'mbuyo mosalimbana n'komwe.

Mnzanga wokhala naye pa desiki imodzi anali mtsikana wa pakamwa, wosaopa munthu. Kake kanali ndi miswachi inayi ndi mwala m'kati, ndipo kankalila ngati chigayo.

"Iwe, kako kali ndi malungo," ankatelo. "Kafunditse bulangete, usakavutitse."

Ndinkaseka nawo. Sankanena mwa njilu, ndipo ndi yemweyo amene ankandigwilila mawaya ndikamamata. Koma madzulo ndinkalemba zonse m'kabuku, ndi chithunzi cha mapazi amene ndayesa tsikulo, ndi mtanda pambali pake.

Lachitatu lina m'mwezi wozizila Madamu analengeza kuti Lachisanu la sabata yotsatila makolo ndi makalasi ena adzabwela kudzaonela. Anati sakufuna kuchita manyazi pamaso pa anthu, choncho Lachitatu likudzalo kaloboti kalikonse kadzayesedwa: kadutse bwalo kuchokela mbali ina kufika mbali ina mowongoka.

"Kolephela sikadzamenya. Mwini wake adzagwila choko n'kumalemba opambana pa bolodi. Nayonso ndi ntchito."

Palibe anatchula dzina langa, koma maso angapo anatembenukila kwa ine. Kuyambila giledi wani, choko chinali changa. Ndine ndinkalemba maina a olongolola, maina a osesa, maina a obwela mochedwa, chifukwa ndinkalemba bwino ndipo sindinkakana. Nthawi iyi sindinkafuna choko. Ndinkafuna kuima pa chitseko chija, kathabwa ka maswichi kali m'manja mwanga. Sindinauze munthu. Ndinangolemba m'kabuku, n'kudula mzele kunsi kwake kawili.

Tsopano ndinene za chikopa. Adada anali ndi ng'ombe yolima yofiila, yaikulu, yofatsa, imene inafa ndi ukalamba ine ndili mu giledi sikisi. Zikopa za ng'ombe zina Adada ankazilenga n'kupanga zingwe zomangila goli, koma cha iyi anakana. Anachikhomela pansi ndi zikhomo, anachiumitsa, ndipo chinakhala mpando wawo pansi pa mtengo wa mango kuseli kwa nyumba. Pamenepo ndi pamene ankasokela matumba, kunola makasu, ndi kulandila alendo a msinkhu wawo. Sanatiletse kukhalapo. Koma tonse tinkadziwa kuti si mphasa wamba. Mvula ikayamba kudontha, Amama ankathamangila chikopa asanathamangile zovala za pa chingwe.

Loweluka m'mawa Adada anapita ndi ng'ombe kudibi kukazisambitsa, ndipo ine ndinakhala pa chikopacho n'kumaswa nshawa. Mbale itadzaza ndinaikankhila kutali, ndipo inatsetseleka yokha pa ubweya. Nditaikoka kuti ibwelele, inakakamila. Ndinakankhanso, ndinakokanso. Ndinasiya nshawa n'kuyendetsa chikhatho: kuloza kumchila, kusalala ngati madzi, kuloza kumutu, ubweya uliwonse ukuimilila kukana. Ndinaganiza kuti ubweya umenewu utayang'ana pansi, kunsi kwa chitini, kaloboti kangathe kutsetseleka kupita mbali imodzi yokha, ndipo wokakankhila m'mbuyo angatope.

Chinthu choyenela chinali kudikila Adada n'kupempha. Ndinayesa kukonza mawu mumtima. Koma ine ndi Adada sitinkalankhulana zambili. Ndinkagwada, kupeleka madzi, kuyankha "yewo", n'kuchoka. Sanali aukali, anali chabe munthu wa mawu ochepa amene anabeleka mwana wa mawu ochepa. Kupempha chidutswa cha ng'ombe imene anaililila, kuti ndikamate pa chitini cha nsomba, ndinaona kuti pakamwa panga sipangathe.

Ndinatenga lezala. Ndinazungulila chikopa chonse kufunafuna malo osaoneka, ndipo ndinasankha m'mphepete, pafupi ndi pamene panali mwendo wakumbuyo, pomwe chinali chopindika kale ndi chong'ambikang'ambika. Ndinadula tizidutswa tiwili totalika ngati chala, ndinapaka dothi pa bala kuti lisawale, ndipo ndinapitiliza kuswa nshawa. Ubweya umene unatsalila pa lezala ndi umene uli m'kabuku.

Lolemba pa nthawi yopuma ndinachotsa miswachi n'kumata tizikopa tija. Guluu atauma, Madamu anatitsegulila chipinda, ndipo ndinakaika pa chitseko n'kudina maswichi onse awili. Kanathamanga. Kwa nthawi yoyamba kanathamanga ndithu, mwakachetechete, popanda phokoso la miswachi. Koma sikanapite kutsogolo. Kanakhota, kanazungulila ngati galu wofuna pogona, kenaka kanadzitulutsa kokha kunja kwa mzele.

"Malungo atha," anatelo mnzanga uja. "Tsopano kaledzela."

Ndinamatula, ndinasinthanitsa chakumanja ndi chakumanzele. Kanazungulila mbali inayo. Ndinameta ubweya ndi sizasi, ndinasuntha timota, ndinaika kamwala kutsogolo. Palibe chinasintha. Lachiwili Madamu anakatenga, anakatembenuza, anasisita ubweya ndi chala kwa nthawi yaitali.

"Ganizo ili ndi labwino kuposa miswachi yathu," anatelo. "Koma ine zikopa sindizidziwa. Ndinakulila m'tauni, mu komboni, ng'ombe ndinkaiona pa butchala. Wachitenga kuti?"

Ndinayang'ana nsapato zanga.

"Kumene wachitengako kuli munthu wodziwa. Kamufunse. Mawa ndi Lachitatu, ndipo lamulo sindisintha chifukwa cha iwe."

Njila ya kunyumba tsiku limenelo inafupika kuposa masiku onse. Ndinkafuna italike. Ndinafika dzuwa likali pamwamba, ndipo ndinapeza Adada ali pansi pa mango, pa chikopa, akusoka thumba. Ndinaika chikwama pakhomo, ndinatulutsa kaloboti ndi mawaya ake, n'kukagwada chapatali pang'ono.

"Monile, Adada."

"Yewo, mama. Mwabwelako kusukulu." Ankanditcha mama chifukwa ndinatenga nkhope ya amayi awo. Sanakweze maso. Anakoka ulusi, anaudula ndi mano, kenaka anatambasula dzanja n'kuika chala chachikulu penipeni pa bala lija. "Mbewa za chaka chino zaphunzila. Zikuyenda ndi lezala. Zikamaliza zikupakapo ndi dothi."

Ndinangotembenuza chitini kuti aone kunsi kwake, misozi ikugwela pa siketi.

"Ndine, Adada."

"Ndinadziwa Loweluka lomwelo. Ndimadikila kuti ndione ngati mbewayo ili ndi pakamwa." Anaika singano pa thumba. "N'chiyani chimenechi?"

Ndinafotokoza, mawu akutuluka pang'onopang'ono ngati madzi a pa mjigo wouma. Za chitseko, za mzele, za mawilo oletsedwa, za choko. Sanandidule. Nditamaliza anaimilila, anakachotsa thabwa lakumbuyo kwa ngolo, n'kuligoneka pansi.

"Kayendetse tione."

Kanazungulila kawili n'kugwela m'dothi. Adada anatulutsa mpweya m'mphuno, kumene kwa iwo kunali kuseka. Anakatola, anakapukuta, anayang'anitsitsa tizikopa tija.

"Unasankha malo obisika, sunasankhe malo abwino. Bwela kuno."

Anagwila dzanja langa pa mkono n'kuliyendetsa pafupi ndi bala. Pamenepo ubweya unali wautali, wofewa, ndipo sunagone mbali imodzi. Unkapindika mozungulila ngati kamvuluvulu. Ndinali ndisanauonepo, ngakhale ndinakhala pa chikopacho zaka zitatu.

"Apa ndi pamene mimba imakumana ndi mwendo. Ubweya wa apa sudziwa kumene ukupita. Chidutswa chako china chikuti kumadzulo, china chikuti kumpoto. Ukamanga ng'ombe ziwili zotelo pa goli limodzi, ulima mzele kapena ulima chitsime?"

Kenaka anapititsa dzanja langa pakati pa chikopa, m'mbali mwa msana. Pamenepo ubweya unali waufupi, wolimba, wogona wonse kuloza kumchila, mbali iyi ndi mbali iyo mofanana. Panalinso powala, chifukwa ndi pamene ankakhala tsiku ndi tsiku. Anatulutsa mpeni wawo wa chigwililo cha mtengo, anaunola pa mwala katatu, anayeza ndi zala zitatu kuchokela pa msana kupita kumanja, zitatu kupita kumanzele.

"Adada, pamenepo ndi pamene mumakhala."

"Ndikudziwa pamene ndimakhala."

"Chidzaonongeka."

"Ng'ombe iyi inali ya ntchito. Kukhalidwa ndi nkhalamba si ntchito." Anaimitsa mpeni m'mwamba, ndipo ndinaona kuti sikunali kopepuka monga ananenela. Kenaka anaboola.

Anadula tizidutswa tiwili tofanana ngati mapasa. Anatipala kumbuyo mpaka tinapyapyala, anatinyowetsa pang'ono, anatiika pakati pa matabwa awili n'kutsindika ndi mwala kuti tiume mowongoka. Asanatseke anatenga khala n'kuika kadontho kakuda kumapeto kwa kalikonse.

"Uku ndi kumene kunali mutu. Kuyang'ane kutsogolo. Ukatembenuza, ng'ombeyi idzabwelela kukhola." Anapukuta mpeni pa buluku. "Ndipo tsiku lina ukafuna chinthu changa, uzibwela ndi pakamwa. Lezala usiye kwa ometa."

"Yewo, Adada."

M'mawa ndinamata ndisanapite kusukulu, ndipo ndinanyamula kalobotiko m'manja njila yonse, kunsi kuli m'mwamba, kuti guluu aume ndi mphepo. Masana Madamu anaima pa chitseko ndi choko m'manja. Anayi anadutsa, mmodzi analephela koma anakonza waya n'kudutsa ulendo wachiwili. Ine ndinali womaliza. Ndinadina. Kanayenda. Chapakati kanayamba kupendekela kumanzele, ndinasiya swichi lakumanja kwa kamphindi, kanawongoka, ndipo kanadutsa mzele wa tsidya n'kuima pamphepete pa chitseko.

Kenaka mnzanga anati, "Aa, kalapa. Kasiya mowa."

Madamu anayang'ana choko chija, anayang'ana ife tonse, n'kuchiponya m'thumba la malaya awo. "Ndidzalemba ndekha," anatelo.

Lachisanu chitseko anachitulutsa panja, pansi pa mitengo, ndipo ana a makalasi ena anazungulila mpaka ena kukwela pa madesiki. Maele anandigwetsela mnzanga yemwe uja. Tinaima moyang'anana, aliyense ndi kathabwa kake.

"Usalile ukagonja," anandinong'oneza. "Ndidzakugulila chitumbuwa."

Zitini zinagundana pakati penipeni. Chake chinkalila, miswachi ikupalasa thabwa, mwala wa m'kati ukugogoda. Changa sichinabwelele ngakhale pang'ono. Ubweya unaluma thabwa losapala lija n'kukana. Zinakhala choncho nthawi yaitali, anthu n'kuyamba kung'ung'udza kuti palibe chikuchitika. Koma ine ndinkaona mfundo ina ya pa thabwa imene poyamba inali pansi pa chitini chake, ndipo tsopano inali kuonekela. Chinkabwelela, pang'ono ngati mpunga umodzi, kenaka wina. Pamene miswachi yake yakumbuyo inaponda choko, mnzangayo anasiya maswichi n'kuika manja m'chiuno.

"Ng'ombe yakufa yandigonjetsa. Kunyumba ndikanena bwanji?"

Ndewu yachiwili ndinagonja, ndipo mofulumila. Mtsikana wina wa mu kilabu, wa giledi teni, amene anaonelela yoyamba ija sanabwele kutsogolo kwanga. Anazungulila n'kundigunda m'nthiti. Chammbali ubweya sugwila kanthu. Kanga kanatsetseleka ngati sopo n'kutuluka kunja ndisanaganize n'komwe chochita. Madamu analemba pa bolodi ndi dzanja lawo, malemba opendekeka, oipa kuposa anga. Ndinawayang'ana malembawo ndi chimwemwe chimene sindinachimvepo.

Sindinadziwe kuti Adada abwela. Ndinawaona anthu atayamba kubalalika, ataima kumbuyo pafupi ndi njinga, chipewa chili m'manja. Pobwelela sanakwele. Anaikankha njingayo, ine ndili pambali ndi kaloboti m'manja, ndipo tinayenda mtunda ndithu.

"Ng'ombe poigwetsa timaidzela m'mbali," anatelo pomaliza. "Mtsikana uja kwawo kuli khola."

Anati mwina tiike kachidutswa kachitatu mopingasa. Ndinati kadzaletsa kuyenda kutsogolo. Anati nanga titatalikitsa mapazi, kuti kaime motangadza. Ndinati chitini n'chopapatiza, pokhapokha titapeza chachikulu, koma timota sitingachinyamule. Anati nanga tizidutswa tija titatipendeketsa pang'ono, ngati mapazi a bakha. Ndinaima pamsewu n'kuganiza. Ndinati mwina. Tinatsutsana choncho mpaka pa mlatho, mpaka pa chigayo, mpaka pakhomo, moti Amama anatuluka m'khichini kudzaona kuti Adada abwela ndi mlendo wanji wolongolola chotele. M'kabuku, tsamba la tsiku limenelo lili ndi zithunzi zitatu za mapazi, ndipo chimodzi anajambula ndi Adada, pensulo ataigwila ngati singano.

Za mapazi a bakha tinayesadi telemu yotsatila, ndipo zinathandiza pang'ono, osati kwambili. Chaka chitatha Madamu anasamutsidwila kwina, kilabu inazilala, ndipo chitseko chija anakachiika pa nyumba yosungila makasu a sukulu. Ndikadutsapo ndimaonabe chidutswa cha mzele wa choko chimene mvula sinachifikile. Timota ndinapatsa mnzanga uja, amene anapangila kokupizila mphepo ka pa desiki. Chitini chinachita dzimbili.

Chikopa chilipo. Tsopano ndili mu giledi thwelofu, ndimagonela kusukulu, ndipo ndimachiona pa holide pokha. Chili ndi mabowo awili aatali pakati, ndi ena awili amene tinadula limodzi pambuyo pake, ndi bala langa la lezala m'mphepete. Makoko a nshawa amagwela m'mabowomo, nyelele zimatulukilamo. Amama ananena kangapo kuti asokepo zigamba, Adada anakana. Alendo akafunsa, amangoti ng'ombeyo inapita kusukulu itafa. Ndikafika ndi chikwama ndimagwada monga kale, iwo amasunthila kumbali imodzi n'kundisiyila malo, ndipo amafunsa zimene tikuphunzila mu sayansi. Ndimawauza, nthawi zina mpaka thumba limene akusoka litatha.